A loya anga akufuna kusiya mlandu wanga, tsiku la khoti layandikira

Mmisiri_Wotopa
Abale, ndithandizeni nzeru, tulo sindikuliona. Ndine kalipentala. Zaka 2 zapitazo ndinasumira bambo wina amene ndinamukhomera denga ndi kumupangira zitseko ndi mafelemu a nyumba yake yonse. Anandipatsa gawo loyamba la ndalama ntchito isanayambe. Itatha anayamba kuzemba, kenaka n'kumanena kuti matabwa ena sindinabweretse. Si mlandu wa upandu ayi, ndi wa ngongole. A loya anga akhala nane chiyambire, ndipo kunena zoona agwira ntchito. Koma Lachiwiri ndalandira kalata yochokera ku ofesi yawo yoti apempha khoti liwalole kusiya kundiimira. Chifukwa alemba mzere umodzi wokha, akuti pali zokhudza malamulo a ntchito yawo zimene zikuwaletsa kupitiriza. Tsiku lomva mboni latsala masabata 6. Kodi loya amaloledwa kusiya munthu padzuwa chonchi? Ndingakane? Ndikapanda kupeza wina msanga ndiye kuti mlandu wagwa?

Chitsulo_cha_Njanji
Funso loyamba achimwene: munawalipira?

Mmisiri_Wotopa
Ndili ndi ngongole yapang'ono, sindibisa. Koma tinagwirizana kuti ndizipereka pang'onopang'ono, ndipo mwezi watha ndinapereka. Sanandikumbutsepo mwaukali.

MayiWaAtatu
Pepani bambo. Izi zimapweteka, ine ndinaziona. Wanga anandisiya pa mlandu wa nyumba ya lendi nditamulipira miyezi yambirimbiri. Anthu amenewa ndalama ikamalowa amakumwetulira, ikachepa foni sayankha. Kanani basi. Mupite kukhoti mukauze woweruza kuti simukuvomereza.

Kalaliki_Wakale
A Mmisiri, yambani mwapuma kaye. Ndinagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi ya maloya, yonyamula mafayilo ndi kukapereka zikalata kukhoti, ndiye mapempho otere ndawaona ochuluka.

Chinthu choyamba choti mugwire ndi ichi: kalata imene mwalandirayo si chigamulo. Loya akalembetsa dzina lake kukhoti kuti akuimira uje, sangachoke pongolemba kalata. M'maiko ambiri dzina lakelo limachoka m'njira zitatu. Mwina inu mwapeza loya wina, iyeyo n'kupereka chikalata chodziwitsa khoti ndi mbali inayo kuti walowa m'malo. Mwina inu mwasaina kuti mudziimira nokha. Zikakanika ziwirizi, loyayo amapempha khoti, ndipo woweruza ndiye amalola kapena kukana. Ku England zimenezi zili mu gawo 42 la malamulo awo oyendetsera milandu yosakhala ya upandu, ndipo amanena kuti loya amaonedwabe ngati woimira munthuyo kufikira njira yoyenera itatsatidwa. Pempholo liyenera kuperekedwa kwa mwini mlandu, komanso likhale ndi umboni. Ku America lamulo lachitsanzo la maloya, nambala 1.16, limanena kuti khoti likalamula kuti loya apitirize, ayenera kupitiriza ngakhale atakhala ndi chifukwa chomveka chosiyira.

Ndiye lero lino a loya anuwo akadali anu. Ngati pali chikalata choyenera kulowa kukhoti sabata ino, udindo ukadali pa iwo. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, khoti ndi khoti, choncho pitani ku ofesi ya khoti lanu mukafunse tsiku limene pempholo lidzamvedwe ndi masiku amene muli nawo oyankhira. Akalaliki sangakulangizeni za mlandu, koma masiku amauza.

Chitsulo_cha_Njanji
Ine sindikuona chovuta. Loya ndi waganyu ngati wina aliyense. Inu a Mmisiri, munthu akamakuvutani pa ntchito simulongedza zida n'kumapita? Bwanji loya akakamizidwe?

Kalaliki_Wakale
A Chitsulo, ngakhale mmisiri sasasula denga theka n'kuchoka mvula ili pamutu. Ndipo kwa loya nkhani ndi yolimba kuposa apo. Makhoti a ku England ananena kalekale, pa mlandu wa Underwood mu 1894, kuti loya akavomera mlandu wavomera kuufikitsa kumapeto, ndipo angasiye pokhapokha pali chifukwa chabwino komanso atachenjeza nthawi ikadalipo. Mwini mlandu angachotse loya tsiku lililonse popanda kufotokoza. Loya alibe ufulu wofanana ndi umenewo.

Wophunzira_Malamulo
Ndionjezere pa zimene anena akuluwa. Ndikadali pasukulu, ndiye musatenge mawu anga ngati uphungu wa loya.

Kusiya mlandu kuli mitundu iwiri. Pali pamene loya angasankhe kusiya, ndipo pali pamene ayenera kusiya, afune asafune. Mu lamulo 1.16 lija, limene bungwe la maloya la American Bar Association linakhazikitsa mu 1983 ndipo madera ambiri a ku America anatengera, zosankha ndi monga izi: mwini mlandu sakulipira ngakhale wachenjezedwa kuti akapanda kulipira asiyidwa, sakuyankha mafoni ndi makalata mpaka ntchito yavuta, akuumirira njira imene loyayo akutsutsana nayo kotheratu, kapena mlanduwo wasanduka mtolo wa ndalama wosasenzeka. Zokakamiza ndi zochepa, monga izi: loya wadwala moti sangagwire bwino ntchito, mwini mlandu wamuchotsa, kapena kupitiriza kungamuphwanyitse lamulo ndi malamulo a ntchito yake.

Chimene chandigwira mtima ndi mzere umodzi uja wa m'kalata yanu. Loya amamangidwa ndi chinsinsi cha munthu wake, ndiye sangalembe zonse poyera pamene mbali inayo iwerenga. Ndemanga ya lamulo lomwelo imati loya akangonena kuti zifukwa za ntchito yake zikufuna kuti asiye, kawirikawiri khoti lizilandire ngati zokwanira. Ndiye mzere woterewu nthawi zambiri sutanthauza mwano. Umakhala chophimba, ndipo amene akuphimbidwayo ndi inuyo.

Nyenyezi_ya_Mmawa
Achimwene a Mmisiri, ndikufunseni mwaulemu. Ulendo womaliza umene munakhala nawo pansi a loya anuwo, munakambirana chiyani? Munthu amene wayenda nanu zaka 2 osadandaula za ngongole sangadzuke m'mawa n'kulemba kalata yotere popanda chochitika. Ngati simufuna kunena pano, musanene, ndipo musatchule dzina la munthu kapena la khoti.

Mmisiri_Wotopa
Achemwali, mwandigwira pamene ndimazemba. Ndinena, poti sinditchula maina.

Matabwa a ulendo wachiwiri ndinakatula ndithu pamalopo, Mulungu ndi mboni. Kapitawo wa bamboyo anasaina kapepala kolandirira katundu. Kapepalako kanatayika pamene ndinkasamutsa shopu. Mwezi watha a loya atandiuza kuti popanda umboni wa ulendo umenewo gawo lalikulu la ndalama lingavute, ndinapita kwa mlamu wanga amene amandilembera mabuku, ndipo tinalemba kapepala kena kofanana ndi kaja, deti lomwe lija, ndi dzina la kapitawoyo. Ndinakapereka ku ofesi. A loya anakayang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa kuti bwanji buku la malisiti ake likuoneka latsopano. Ndinawauza zoona. Anati sangakapereke kukhoti. Ine ndinapsa mtima, ndinawauza kuti ndine ndikulipira, katunduyo ndinatuladi, ndipo ngati sakapereka ndidzakatulutsa ndekha ndikadzaima m'bokosi la mboni. Tinasiyana choncho. Patatha masiku 10 kalata ija yafika.

Chitsulo_cha_Njanji
Ndiye nkhani ndi imeneyotu. Bwenzi mutayambira pamenepa.

MayiWaAtatu
Koma abale, munthuyu katundu anatuladi. Sakuba kanthu. Wakuba ndi amene akugona m'nyumba ya denga losalipira. Chilungamo chili kuti ngati wolakwiridwa ndi amene akutayidwa chifukwa cha kapepala?

Wophunzira_Malamulo
Mayi, ndikumvetsa kuwawa kwake, koma kapepalako kakunena zinthu ziwiri. Kakunena kuti matabwa anatulidwa, zimene zingakhale zoona. Kakunenanso kuti kanalembedwa tsiku lijalo ndipo kapitawo anasaina, zimene si zoona. Loya amene akudziwa kuti chikalata ndi chopeka saloledwa kuchipereka kukhoti, ndipo ili ndi lamulo limene mudzalipeza pafupifupi kulikonse kumene kuli maloya. Ku America ndi nambala 3.3. Loya ali ndi udindo kwa munthu wake, komanso ali ndi udindo kwa khoti, ndipo pa nkhani yonamiza khoti wachiwiriwu ndi umene umapambana. A Mmisiri atanena kuti adzakatulutsa okha, anatseka khomo lomaliza. Loyayo akanakhala pampando n'kumaonerera mboni yake ikulumbira pa chinthu chimene iye akudziwa kuti n'chopanga, laisensi yake ikanakhala pachiswe.

Nyenyezi_ya_Mmawa
Ndipo taganizani zimene zikanachitika. Loya wa mbali inayo akanaitana kapitawoyo, iye n'kunena kuti dzanja ili si langa. Kuchokera pamenepo woweruza sakanakhulupiriranso chilichonse chotuluka pakamwa panu, ngakhale choona. Mlandu wa ngongole ukanabala wina wa chinyengo. Wakutsina khutu ndi mnansi, achimwene. A loya anuwo akutsinani khutu.

Mphepo_ya_Kummwera
Ine zimandidabwitsa. Maloya omwewa amaimira anthu akupha ndi akuba, akudziwa bwinobwino kuti anachitadi. Lero pa kapepala ka matabwa ndiye asanduka oyera mtima?

Kalaliki_Wakale
A Mphepo, zimenezo ndi zosiyana. Woimira munthu woganiziridwa mlandu amauza boma kuti bweretsani umboni wanu, ndiuyese ngati uli wolimba. Zimenezo ndi zololedwa, ndipo ndi ufulu wa aliyense. Chosaloledwa ndi kuika umboni wabodza patebulo ndi dzanja lako. Ngakhale pa mlandu wakupha, loya sangaitane mboni imene akudziwa kuti yagulidwa.

Mphepo_ya_Kummwera
Pamapepala zili choncho. Kunja kuno alipo amene amachita.

Kalaliki_Wakale
Alipo, sindikana. Ena ndinawaona akuchotsedwa m'kaundula, ndipo anthu amene ankawaimira anavutika nawo limodzi.

Dzanja_Lamanzere
Poti tili pa nkhani ya maloya, ndani akudziwa ngati kuli bwino kulipira loya pa ola kapena kugwirizana kuti adzatenge gawo la ndalama mukawina? Mchemwali wanga ali ndi nkhani ya ngozi ya galimoto.

Chitsulo_cha_Njanji
Zogawana mukawinazo si dziko lililonse limalola. Ndipo afunsitse kuti loyayo akadzasiya pakati, kapena iye akadzamuchotsa, adzalipira bwanji ntchito yogwiridwa kale. Zilembedwe mumgwirizano asanasaine.

Woyang'anira_Gulu
A Dzanja, tsegulani mutu wanu pa nkhani imeneyo, anthu akuyankhani bwino kumeneko. Pano tithandize a Mmisiri, masiku akuwathera.

Mmisiri_Wotopa
Ndawerenga zonse, ndipo manyazi andigwira. Usiku wonse ndimaganiza kuti andipereka, mwina mbali inayo yawadyetsa. Tsopano ndichite chiyani? Kapepalako ndikang'ambe? Ndikawapepese kuti abweze pempholo?

Chitsulo_cha_Njanji
Kang'ambeni lero lomwe, nkhani ithe.

Kalaliki_Wakale
Ayi, musang'ambe kanthu. Mlandu ukakhala m'khoti, kuwononga pepala lililonse lokhudzana nawo kumatha kubala vuto lina lalikulu kuposa loyambalo. Musakagwiritse ntchito, musakaonetse anthu, koma musakawononge kufikira loya atakuuzani chochita. Ndipo ndiuzeni: kodi kanalowa kale m'mapepala a kukhoti, kapena kanatumizidwa ku mbali inayo?

Mmisiri_Wotopa
Ayi. Anandibwezera pamanja tsiku lomwelo. Sikanapite kulikonse.

Kalaliki_Wakale
Ndiye mwapulumuka pakamwa pa ng'ona. Palibe chimene mwanamiza khoti. Tsopano mverani, ndifotokoza mwatsatanetsatane chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, osati pa kuchoka kwa loya kwenikweniko.

Kupepesa kapepeseni, ndi bwino, ndipo muwauze momveka kuti kapepala kaja mwakasiya. Mwina angabweze pempholo, mwina ayi. Ena akaona kuti kukhulupirirana kwasweka safuna kubwerera, ndipo simungawaumirize mtima. Koma ngakhale akane, kupepesako kukuthandizani pa zimene mukufuna kwa iwo masiku ano.

Mukufuna fayilo yanu. Muipemphe polemba kalata, osati pafoni, ndipo musunge kope la kalatayo. Mufayilomo mukhale zikalata zonse zimene zinalowa kukhoti kuchokera mbali zonse ziwiri, malamulo onse amene woweruza anapereka, makalata a pakati pa maloya, mawu a mboni, ndi mapepala anu enieni amene munawapatsa. Mukufunanso kuti akulembereni mndandanda wa masiku onse amene akubwera: lomva pempho lawo, lomaliza kupereka mawu a mboni, lomaliza kusinthana zikalata, ndi loyamba mlandu. Chachitatu, akupatseni chiwerengero cha ndalama: zimene munapereka, ntchito imene yagwiridwa, ndi zotsala. Ngati pali ndalama imene munapereka pasadakhale ndipo sinagwire ntchito, iyenera kubwerera kwa inu.

Masiku a khoti saima chifukwa choti loya wachoka. Woweruza akapanda kunena ndi pakamwa pake kuti tsiku lasuntha, silinasunthe. Mukapanda kufika pa tsiku la mlandu, inu monga wodandaula mlandu wanu ungathetsedwe, mwinanso n'kukulamulani kulipira zimene mbali inayo yawononga. Komanso loya akachoka, makalata onse a khoti ayamba kubwera kwa inu mwachindunji, choncho onetsetsani kuti keyala ndi nambala ya foni zimene khoti lili nazo ndi zolondola.

MayiWaAtatu
Za fayilozo ndi zimene zinandiliza ine. Wanga anakana kundipatsa, akuti mpaka ndimalize ngongole. Ndinayenda ku ofesi yake maulendo osawerengeka, mlembi wake n'kumangoti abwana atuluka. Loya watsopano anachita kukakopera mapepala kukhoti, koma makalata ndi malisiti anga enieni ndinawapeza mlandu utatha. Ndiye a Mmisiri ali ndi ngongole, musawalonjeze kuti fayilo ituluka mosavuta.

Wophunzira_Malamulo
Zimene akunena mayiwa zimachitikadi. M'maiko ambiri otsata malamulo ochokera ku England, loya ali ndi ufulu wogwira mapepala ngati chikole cha malipiro ake. Koma ufuluwo uli ndi malire. Ku England, ngati loya ndi amene wasiya mlandu uli mkati, kawirikawiri khoti limalamula kuti apereke mapepala kwa loya watsopano, watsopanoyo n'kulonjeza kuti awasunga ndi kuwabweza mlandu ukatha, kuti chikole chija chisafe. Zimavutirapo ngati mwini mlandu ndi amene wachotsa loya. Ku America madera amasiyana, ena amalola chikolechi, ena amachichepetsa kwambiri. Apa pali phunziro kwa a Mmisiri: musathamangire kulemba kalata yowachotsa chifukwa cha mkwiyo musanafunse loya watsopano, popeza zingasinthe mmene nkhani ya fayilo iyendere.

Ngongoleyo payokha sifafanizika chifukwa choti iwo asiya. Mu 2010 khoti la apilo la ku England, pa mlandu wa Buxton, linagamula kuti maloya amene anasiya chifukwa munthu wawo ankaumirira mfundo zosaimika pamaso pa khoti anali ndi chifukwa chabwino, ndipo anayenera kulipidwa pa ntchito imene anali atagwira.

Wamalonda_Wamng'ono
Funso kwa a Mmisiri: munasuma m'dzina lanu kapena la kampani? Ine loya wanga atadwala n'kusiya, ndinaganiza kuti ndikaima ndekha poti kampaniyo ndi yanga ndekha. Woweruza anandibweza, anati kampani ndi munthu payokha ndipo m'khoti limenelo iyenera kukhala ndi loya. Ndinataya mwezi wathunthu.

Wophunzira_Malamulo
Mfundo yofunika imeneyo. M'makhoti a boma lalikulu la America ndi lamulo lakale ndithu, ndipo khoti lawo lalikulu linalibwerezanso mu 1993. Kwina amalola mkulu wa kampani kuyankhula ngati khoti lavomera. Afunse.

Mmisiri_Wotopa
Ndi m'dzina langa. Shopu yanga sinalembetsedwe ngati kampani.

Gogo_Wa_Anyamata
Mwana wanga, ine ndakalamba ndipo za malamulo sindidziwa zambiri, koma ndikuuze zimene zinagwera malemu amuna anga. Iwo loya wawo sanalembe kalata ngati yakoyo. Anangosiya kuyankha. Ife tinkati mlandu ukuyenda, poti milandu imachedwa. Chaka chitatha tinamva kwa munthu wa mbali inayo kuti mlandu unathetsedwa kalekale chifukwa kumbali yathu sikunkafika munthu. Makalata a khoti ankapita ku ofesi imene inali itatsekedwa. Bambo anayesa kuudzutsa koma nthawi inali itapita, ndipo nkhani imeneyi inawadya mumtima mpaka tsiku lawo lomaliza. Wako wakuuza kutatsala masabata 6, wadzera pakhomo la khoti, ndipo chinsinsi chako wasunga. Ife tikanapeza wotero bwenzi tikuthokoza.

Wophunzira_Malamulo
Pepani agogo. Chowawa n'chakuti makhoti nthawi zambiri amati zochita za loya ndi zochita za mwini mlandu. Mu 1962, pa mlandu wa Link, khoti lalikulu la America linavomereza kuthetsedwa kwa mlandu wa munthu amene loya wake sanafike pa msonkhano wokonzekera mlandu, ponena kuti loyayo anamusankha yekha. Mu 2012, pa mlandu wa Maples, linaona mosiyana chifukwa kumeneko kunali kutayidwa kwenikweni. Munthuyo anali ataweruzidwa kuti aphedwe ku Alabama. Maloya ake awiri a ku New York anasintha ntchito osamuuza, osapemphanso khoti, makalata a chigamulo anabwezedwa osatsegulidwa, ndipo masiku a apilo anadutsa iye osadziwa. N'chifukwa chake njira yopempha khotiyi ilipo, kuti pasakhale tsiku limene munthu akuganiza kuti ali ndi womuimira pamene alibe.

MayiWaAtatu
Ine ndikuonabe kuti akakane pempholo. Masabata 6 ndi ochepa. Loya watsopano adzafuna ndalama zoyambira, adzafunanso nthawi yowerenga fayilo ya zaka 2. Woweruza akakana pempholo, loyayo apitiriza, afune asafune.

Nyenyezi_ya_Mmawa
Mayi, n'zoona kuti woweruza angakane, makamaka tsiku la mlandu likayandikira kwambiri, chifukwa amayang'ana ngati kuchokako kuchedwetse mlandu kapena kupweteka wina. Koma taganizani mtengo wake. A Mmisiri akaimirira n'kunena kuti palibe chifukwa chomveka, woweruza angatembenukire kwa loya n'kumufunsa kuti tafotokozani. Loyayo adzayesetsa kusunga chinsinsi, koma kukana kwake kuyankha kudzanena zambiri, mbali inayo ili tcheru. Mukufuna kukokera maso a khoti pamalo amene pali bala? Ndiponso kulowa m'mlandu wa mboni ndi loya amene wakakamizidwa, amene sakudziwa ngati mawu anu ena ali oona, si chinthu chimene ndingafunire mbale wanga.

Ine ndikanapita pa tsikulo, osajomba, n'kunena mawu ochepa: sindikutsutsa pempholi, koma ndikupempha nthawi yopezera loya wina, ndikupempha kuti fayilo iperekedwe pofika tsiku lakuti, ndipo ngati n'kotheka tsiku la mlandu lisunthe. Ndikanatenganso umboni woti ndayamba kale kufunafuna, monga maina a maofesi amene ndapitako ndi masiku ake. Woweruza amamvera munthu amene akuoneka kuti sakungofuna kuchedwetsa.

MayiWaAtatu
Nanga akakana kusuntha tsikulo?

Kalaliki_Wakale
Zingatheke, ndipo n'chifukwa chake kufunafuna kuyambe mawa m'mawa, osadikira tsiku la pempho. A Mmisiri, loya watsopanoyo mukamuuze zonse pa ulendo woyamba, za kapepala kaja zomwe. Musaope, nayenso amamangidwa ndi chinsinsi. Akaona kuti mnzake wachoka mlandu uli pafupi adzafunsa ndithu chifukwa, ndipo ambiri amaimbirana foni. Akamva kwa inu kuti ndinalakwitsa pakuti ndipo ndasiya, angakulandireni. Akazitulukira yekha pambuyo, mudzalandira kalata yachiwiri yofanana ndi yoyambayo. Ngati ndalama zavuta, funsani ku bungwe la maloya la dziko lanu kapena ku ofesi yothandiza anthu pa milandu ngati ilipo, ngakhale kuti ambiri a iwo satenga milandu ya ngongole za malonda.

Ndiye tibwerere ku matabwa aja, poti ndi pamene panayambira zonse. Kutayika kwa kapepala si kutayika kwa umboni. Anakunyamulirani ndani? Dalaivala ameneyo ndi mboni. Munawagula kuti? Kumeneko angakhale ndi kope la lisiti la tsiku limenelo. Anyamata amene anatsitsa ndi kukhoma nanu alipo? Mauthenga a pafoni a masiku amenewo, zithunzi za ntchito, zonsezo zimawerengedwa. Dengalo lilipo mpaka lero, ndipo munthu wodziwa angawerenge matabwa amene ali pamwambapo. Komanso buku la malisiti limakhala ndi makope awiri, mwina lina linatsala kwa kapitawoyo, ndipo pali njira yopemphera khoti kuti mbali inayo itulutse mapepala amene ili nawo. Inuyo mungaime n'kulumbira kuti panali kapepala, kanasainidwa, kanatayika posamuka. Amenewo ndi mawu oona, ndipo pa mlandu wotere woweruza amangoyeza mbali imene nkhani yake ikuoneka yoona kuposa inzake. Muyezo wake si wokwera ngati wa mlandu wa upandu.

Mmisiri_Wotopa
Dalaivala alipo, timapemphera limodzi. Zithunzi zili m'foni yakale imene galasi lake linasweka. A loya anandifunsapo za zimenezi chaka chatha, ine n'kumati kapepala ndikapeza, kapepala ndikapeza. Mawa ndipita nayo foniyo kwa okonza.

Chitsulo_cha_Njanji
Muwauze okonzawo asafufute kanthu. Angokopera zithunzi ndi mauthenga, deti lake lizioneka, ndipo foniyo muisunge.

Mmisiri_Wotopa
Abale, ndabweranso patatha masiku 12. Ndinapita kukapepesa. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, koma anati sabweza pempholo. Anati zimene ndinanena tsiku lija sangaziiwale pamene akundifunsa mafunso pamaso pa woweruza, ndipo kuli bwino ndiyambe ndi munthu amene mtima wake uli woyera pa ine. Zinandiwawa koma sindinatsutse. Anandipatsa maina a maloya atatu. Woyamba anakana, akuti nthawi yachepa. Wachiwiri, mayi, anandimvetsera mpaka kumapeto, za kapepala zomwe, ndipo anavomera pokhapokha tsiku litasuntha.

Dzulo kunali kumva pempho. Ndinanena monga anandilangizira a Nyenyezi. Woweruza anafunsa a loya anga akale ngati nkhani ndi ya malipiro, iwo anati ayi, ndipo sanaonjezere liwu. Mbali inayo inakana zosuntha tsiku. Woweruza analola kuti achoke, anasuntha mlandu ndi masabata 8, ndipo ananena kuti sadzasunthanso. Fayilo ipita kwa loya watsopano Lachisanu, ngongole ya akale ndasaina kuti ndizipereka mwezi ndi mwezi. M'foni muja mwapezeka zithunzi 14, zitatu zikuonetsa galimoto itaima pamalopo ndi matabwa. Dalaivala wavomera kudzachitira umboni.

Chimene chikundidetsa nkhawa tsopano ndi mlamu wanga. Ali pa mndandanda wa mboni zanga chifukwa ndi amene amalemba mabuku a shopu, ndipo akuopa kuti akadzamufunsa za malisiti adzasokonezeka.

Kalaliki_Wakale
Nkhawa imeneyo mupite nayo kwa loya watsopanoyo sabata ino, asanamalize mawu a mboni. Iye ndi amene aone ngati mlamu wanuyo akufunikabe pa mndandanda, kapena mabukuwo angaperekedwe m'njira ina. Inu musakhale naye pansi mlamuyo kuti mupangane zodzayankha. Akadzaitanidwa, akafunsidwa, adzanene zimene zinachitika.

Mmisiri_Wotopa
Ndamva akulu. Ndili ndi nthawi yokumana nawo Lolemba 9 koloko, ndipita naye limodzi mlamuyo.